Tinasunga monga munatilangizira, koma ndalamazo zinasungunuka tikuona

Akonzi,

Ndiloleni ndidzere m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi makolo anzanga, akuluakulu a sukulu za ukachenjede komanso a boma pa nkhani ya kukwera kwa fizi ndi malangizo amene timapatsidwa kawirikawiri akuti kholo lanzeru limayamba kusungira mwana ndalama za maphunziro akadali wamng'ono. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale m'dera la Bembeke kuno ku Dedza, ndipo pambali pa choko ndimalima kachewere ndi nyemba monga amachitira anthu ambiri kwathu kuno. Malangizo amenewa ndinawamva, ndinawakhulupirira, ndipo ndinawatsatira kwa zaka khumi ndi zitatu. Ndalemba kalatayi chifukwa chimene ndinapeza kumapeto kwa zaka zimenezo n'chosiyana kwambiri ndi chimene ndinkayembekezera, ndipo sindikufuna kuti makolo amene ana awo akuyamba sitandade 1 chaka chino adzadzidzimuke monga ndinadzidzimukira ine.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anayamba sukulu mu 2010. Pa nthawi imeneyo wophunzira wosankhidwa ndi boma ku University of Malawi ankapereka K25,000 pa chaka, ndipo za chakudya ndi pogona boma linkamuthandiza. Ine ndi amayi akunyumba tinakhala pansi n'kuwerengetsa: zaka zinayi za ku koleji zinkafuna K100,000, ndipo titati tiziika K1,000 mwezi uliwonse kwa zaka khumi ndi ziwiri tikanakhala ndi K144,000, chiwongoladzanja tisanachiwerengere. Tinaona kuti zimenezi n'zokwanira mpaka kutsalako. Ndinatsegula buku ku banki ina pa boma pa Dedza, ndipo mwezi uliwonse malipiro akangolowa ndinkayamba ndapatula ya mwana ndisanagule ngakhale mchere. Malipiro akakwera ndinkawonjezera, kachewere akachita bwino ndinkaikaponso kena kake, ndipo ngakhale pa zaka za njala sitinaligwire bukulo kupatula kamodzi kokha pamene apongozi anga anagonekedwa m'chipatala.

Mu 2023 dzina la mwanayo linatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku imodzi mwa sukulu za ukachenjede za boma. Chisangalalo cha tsiku limenelo sindingathe kuchifotokoza. Amayi ake anaimba nthungululu mpaka anthu oyandikana nafe anathamangira kudzaona chimene chachitika. Koma usiku womwewo, anthu atabalalika, tinayala mapepala a ku banki pa tebulo n'kuwerenga. Munali ndalama zopitirira pang'ono K500,000. Fizi ya chaka chimodzi chokha inali itangokwezedwa kufika pa K650,000. Zonse zimene tinadzimana kwa zaka khumi ndi zitatu sizinakwane ngakhale chaka choyamba, osatchulanso za nyumba, chakudya ndi zina zonse. Amayi akunyumba anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anangofunsa kuti, “Nanga mbuzi zija tikanagula bwenzi zili zingati lero?” Funso limeneli ndakhala ndikulisinkhasinkha mpaka pano.

Sindikufuna kulemba ngati kuti akuluakulu a sukuluzi anangodzuka n'kukweza fizi mwa nkhanza. Aliyense amene amagula sopo ndi mafuta ophikira akudziwa kuti kuyendetsa sukulu yaikulu, kulipira aphunzitsi, magetsi, madzi, mabuku ndi zipangizo za mu labotale, zambiri mwa izo zochokera kunja, sikungatheke ndi mitengo ya zaka khumi zapitazo. Pali masamu ena amene ananditsegula maso ndipo ndikufuna owerenga awaone. Mu 2010 dola imodzi ya ku America inkagulidwa ndi ndalama pafupifupi K150, choncho K25,000 ija inali madola oposa pang'ono 160. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, dola imodzi inafika pa K1,700 m'mabanki, ndipo K650,000 inali madola pafupifupi 380. Tikawerengera m'makwacha, fizi inakwera maulendo 26. Tikawerengera m'madola, inakwera kawiri ndi pang'ono. Apa zikuoneka poyera kuti gawo lalikulu la vuto lathu si kukwera kwa fizi kokha ayi, koma kugwa kwa ndalama imene tinkasungiramo. K1,000 imene ndinaika mu 2010, yomwe inkatha kudzaza jumbo pa golosale, inakhala m'buku muja n'kumafota chaka ndi chaka, ndipo chiwongoladzanja chimene banki inkawonjezerapo chinali chochepa kwambiri moti sichikanatha kuthamangitsana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, kumene kumapeto kwa 2023 kunapitirira 30 peresenti pa chaka.

N'chifukwa chake ndimamva kuwawa mumtima ndikamva anthu ena pa wailesi akunena kuti Amalawi tilibe chikhalidwe chosunga ndalama. Mlimi wa ku Tsangano kapena wa ku Lobi amene wagulitsa kachewere n'kuthamangira kukagula malata, mbuzi kapena feteleza tsiku lomwelo sikuti ndi wosaganiza za mawa. Iye anaphunzira kalekale kuti ndalama ya pepala ikagona m'nyumba imadzuka itachepa. Amene anapusitsika ndi ife amene tinkadziona ngati ophunzira, amene tinakhulupirira kuti buku la ku banki ndi nkhokwe yosalowa anankafumbwe. Ngati boma ndi mabanki akufunadi kuti makolo azisungira ana awo maphunziro, ayambe atipatsa malo osungira amene sadya mbewu yathu.

Komanso fizi ndi gawo limodzi chabe la katundu amene kholo limasenza, ndipo mwina si lolemera kwambiri. Kale wophunzira akasankhidwa ankapeza bedi ndi chakudya zikumudikira. Dongosolo limenelo linatha, ophunzira anachuluka, koma malo ogona m'mahositelo sanachuluke mofanana, motero ambiri amachita lendi kunja kwa mpanda, ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, ndi m'midzi yozungulira Bunda. Tsiku limene tinaperekeza mwana wathu ku Bembeke Turn-off kukakwera basi, katundu wake sanali wa munthu wopita kukaphunzira kokha, koma wa munthu wokayamba banja: thumba la ufa woyera, ndowa ya nyemba, theka la thumba la kachewere, mbaula, mapoto awiri, matiresi omangidwa ndi linya. Kondakitala analipiritsa katunduyo pafupifupi ngati munthu wachiwiri. Kuchokera tsiku limenelo mwezi sutha foni isanalire: lendi yakwana, makala atha, bandulo ya intaneti yatha pomwe ntchito ya m'kalasi iyenera kutumizidwa, akufunika kusindikiza mapepala, akufunika laputopu chifukwa kubwereka ya mnzake nthawi ya mayeso sikutheka. Ndikaphatikiza zonsezi pa chaka zimaposa fizi yeniyeniyo. Makolo amene akuwerengetsa za tsogolo la ana awo aike zimenezi m'masamu awo kuyambira lero.

Ndikamalankhula za chakudya sindikukamba nkhani yaing'ono. Mwana wathu anatiuza za anzake amene amadya kamodzi pa tsiku, ndi ena amene analembera kalata sukulu yopempha kuti ayambe apumira chaka chifukwa chosowa ndalama, koma sanabwererenso. Kwa mwana wamkazi njala imeneyi ili ndi msampha wake umene tonse timaudziwa ngakhale sitikonda kuutchula: pali azibambo a ndalama amene amadziwa bwino lomwe nthawi imene ufa umathera m'zipinda za atsikanawa. Kuno ku Dedza tinanyadira pamene Inkosi Theresa Kachindamoto anatchuka dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana ku sukulu. Koma mtsikana amene anachotsedwa ku banja ali sitandade 7, n'kulimbikira mpaka kukhoza bwino mayeso a MSCE, tikamusiya yekha pa khomo la yunivesite ndiye kuti ntchito yonse ija taithera panjira.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti kuli ngongole za ophunzira. N'zoona, ndipo bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, lathandiza ana ambiri a anthu osauka amene akanangokhala kumudzi. Koma thumba limeneli linapangidwa kuti lizizungulira: amene anathandizidwa dzulo abweze kuti wa lero athandizidwe. Pano ndikufuna kulankhula mosapsatira kwa abale athu amene anaphunzira ndi ngongole zoterezi, ena kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo lero ali pa ntchito zabwino koma sanabweze. Ndalama imene mwaigwirayo si ya boma lopanda nkhope ayi, ndi ya mwana wa mayi wogulitsa tomato pa Lizulu. Kuwonjezera apo, amene wabweza mochedwa zaka makumi awiri wabweza ndalama yofota ngati yanga ija, yosakwana ngakhale lendi ya mwezi umodzi ya wophunzira wa lero. Ndikanakonda amene Mulungu anawadalitsa akanabweza n'kuwonjezerapo mwa kufuna kwawo. Komanso makolo adziwe kuti ngongoleyi siigwera aliyense wopempha, ndipo ngakhale woipeza amafunikabe thandizo la kwawo. Kuyembekezera ngongole yokha n'kuika mwana pa chiswe.

Nditabwerera ku funso la amayi akunyumba lija, ndinayamba kufunsa makolo anzanga amene anaphunzitsa ana mpaka ku koleji kuti iwo anachita bwanji. Mkulu wina wa kumpingo kwathu, amene sanapitirire sitandade 5, ananditengera kuseri kwa nyumba yake n'kundionetsa zitsa za mitengo ya bulugama. Anati mwana aliyense akabadwa ankabzala mzere wake wa mitengo m'mphepete mwa munda, ndipo ankautchula dzina la mwanayo. Mwana akafika ku sekondale ankadula ina n'kugulitsa milimo ndi mapolo, zitsa n'kuphukanso, ndipo pofika nthawi ya koleji ankagulitsa ikuluikulu kwa ocheka matabwa. Mtengo wa thabwa unkakwera limodzi ndi mtengo wa sopo, choncho chuma chakecho sichinafote ngati changa. Ndinaimirira pakati pa zitsazo ndikuganiza kuti munthuyu anamvetsa za chuma cha dziko lino kuposa ine amene ndimaphunzitsa masamu. Ena anasungira mu mbuzi, ena mu nkhumba, ena anamanga kanyumba ka lendi pa Chimbiya kapena pa Linthipe.

Komabe ndisanamize anthu kuti njira zimenezi zilibe zoopsa zake. Moto wolusa wa osaka mbewa ungathe kupsereza nkhalango ya paini ya zaka khumi m'masana amodzi. Chigodola chikalowa m'mudzi chimasesa makola a nkhumba osasiyako ndi imodzi yomwe. Mbuzi zimabedwa, ndipo choopsa china n'chakuti chiweto chili pakhomo aliyense amachiona: maliro akagwa, mlandu ukabuka, mlendo wolemekezeka akafika, maso onse amapita ku khola. Nawo mavenda amadziwa nthawi imene sukulu zikutsegulira, ndipo kholo logulitsa mbuzi mothamanga limalandira mtengo wolira. Chimene ndaphunzira n'chakuti kholo ligawe, china m'khola, china m'munda, china m'buku, ndipo ligulitse nthawi ya mtengo wabwino osadikira kuti kalata ya fizi ifike kaye.

Za banki mkhonde ndinenepo pang'ono chifukwa ndi kumene amayi ambiri kwathu kuno amasungira. Ubwino wake ndi woonekeratu: ndalama imabereka msanga chifukwa mamembala amakongozana okha, ndipo palibe ulendo wa ku boma. Koma banki mkhonde inapangidwira chaka chimodzi. Pofika December anthu amagawana, ndipo ndalamayo imakumana ndi feteleza, Khirisimasi ndi zovala za ana. Palibe cholakwika pamenepo, koma maphunziro a mwana amafuna kupirira kwa zaka khumi ndi ziwiri. Ndikupempha magulu amenewa kuti aganizire zokhala ndi gawo lapadera la maphunziro limene siligawidwa kumapeto kwa chaka, lomwe lingasungidwe ku SACCO m'dzina la gulu, lotuluka pokhapokha membala atabweretsa kalata ya sukulu. Tikapanda kutero, mwezi wa fizi ukafika timathera kwa akatapila, amene chiwongoladzanja chawo cha mwezi umodzi chimameza zokolola za chaka.

Tsopano ndilankhule ndi akuluakulu a sukulu za ukachenjede. Chimene chimatipweteka kwambiri ife makolo si kukwera kokha, koma kukwera modzidzimutsa. Ku Chancellor College, imene pano ndi University of Malawi, fizi inakhala pa K350,000 kuchokera mu 2016, pambuyo pa zionetsero za ophunzira, ndipo inakhala pomwepo mpaka 2023 pamene inalumphira pa K650,000 kamodzin'kamodzi. Ku Kamuzu University of Health Sciences inafika pa K1 miliyoni. Zaka zisanu ndi ziwiri za bata zija zinatigoneka tulo, ndipo kholo limene linkawerengera K350,000 linadzuka likufunika pafupifupi kawiri. Kodi sikungakhale bwino kukweza pang'onopang'ono chaka chilichonse, ndi kulengeza chaka chathunthu nthawi isanakwane, kuti mlimi adziwe kuti alime maekala angati? Kodi n'kosatheka kuti wophunzira polowa chaka choyamba auzidwe fizi ya zaka zake zonse zinayi kuti banja lake lidziwe mtunda umene liyende? Ndipemphenso kuti kalipiridwe kaganizire nyengo za mlimi. Ife ndalama timaigwira tikakolola ndi kugulitsa. Mu January ndi February m'nyumba zambiri mulibe ngakhale ya chigayo. Kulola kholo kulipira m'zigawo zing'onozing'ono, kapena kulipiriratu nthawi yokolola fizi ya semesita ya kutsogolo pa mtengo wa tsiku limenelo, kungapulumutse ana ambiri amene amabwezedwa pa khomo la chipinda cha mayeso.

Kwa a Unduna wa Zachuma ndi a Reserve Bank of Malawi pempho langa ndi ili. Boma limakongola ndalama m'dziko momwe muno kudzera mu ma Treasury bill ndi njira zina zotere, ndipo limalipira chiwongoladzanja chokwera kwambiri kuposa chimene ife timalandira pa mabuku athu. Amene amadyerera zimenezi kwambiri ndi mabanki ndi makampani akuluakulu, pomwe ndalama zina zimene amakongoza bomazo ndi zathu zomwe zija tinaika m'mabuku. Mphunzitsi wa ku Mayani kapena mlimi wa ku Kasinje sadziwa n'komwe khomo lolowera. Popeza lero pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi wothandizira wa Airtel Money kapena TNM Mpamba, chingalepheretse n'chiyani kukhazikitsa thumba la maphunziro a mwana limene kholo lingaikemo ngakhale K2,000 kudzera pa foni, lolandira chiwongoladzanja chosatsika kuposa kukwera mitengo kwa zinthu, losadulidwa msonkho, ndipo lotuluka polipira sukulu basi? Aphungu athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu, amene amadziwa bwino kuchuluka kwa makolo amene amawadikirira pa geti ndi makalata a fizi m'manja, ndiwo oyenera kuyamba kuitengera nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo, chifukwa kupereka K20,000 ya m'thumba kwa kholo limodzi sikuthetsa vuto la mawa.

Mbali yotsala ndi ya ife eni ake, ndipo ndi imene ndikuiona kuti tingayambe popanda kudikira lamulo. Kwathu kuno maliro akagwa, uthenga umafika ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhale ku Johannesburg tsiku lomwelo, ndipo pofika madzulo ndalama ya bokosi, ya galimoto ndi ya ndiwo yapezeka. Pa chinkhoswe ndi pa ukwati timapanga makomiti miyezi isanu ndi umodzi nthawi isanakwane, ndipo pa perekaniperekani timaponya ndalama mosaumira. Pomanga chiliza timasonkherana mpaka simenti ikwane. Zonsezi ndi zabwino ndipo ndi umunthu wathu. Koma mwana wa m'banja lomwelo akasankhidwa kupita ku sukulu ya ukachenjede ngati MUBAS kapena LUANAR, nkhani imasanduka ya bambo ndi mayi ake okha, ndipo amalume, amene pa mwambo wathu ndiwo eni mbumba, amangoti tamva, tiona. Chikhalirenicho mwanayo akadzamaliza n'kuyamba ntchito, mbumba yonse idzamudziwa.

M'banja mwathu tinayesa kusintha zimenezi, ngakhale mochedwa. Chaka chachiwiri cha mwana wathu chisanayambe, ndinapempha alamu anga, amene ndi amalume ake a mwanayo, kuti aitanitse abale monga amachitira pa zovuta. Tinakhala pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba ya agogo, ndipo ndinawerenga poyera zonse zimene zimafunika pa chaka, osabisa kanthu. Poyamba kunali zii. Kenaka azakhali ena, amene amagulitsa kabichi m'mbali mwa msewu wa M1, anamasula mfundo ya chitenje n'kuika K5,000 pa mphasa, nati aziyesetsa kutero mwezi uliwonse. Ena analonjeza thumba la chimanga pokolola, wina analonjeza kuti thiransipoti yopita ndi yobwerera ndi yake. Tinasankha msungichuma ndi mlembi, tinagula kope, ndipo tinagwirizana kuti thumbali silidzatha mwana wathu akamaliza, koma lidzapitirira kwa mwana aliyense wa mbumbayi amene adzafike ku koleji, kaya ndi ku yunivesite, ku sukulu ya uphunzitsi ngati St Joseph's konkuno ku Bembeke, kapena ku sukulu ya ntchito zamanja ya pansi pa TEVETA. Tinagwirizananso kuti ndalama zikachuluka pang'ono tisazisiye zigone, koma tizigula mbuzi zoweta mogawana.

Mng'ono wake wa mtsikanayu ali sitandade 4 tsopano. Buku la ku banki lija sindinalitseke, koma mvula yapitayi ine ndi iye tinabzala mbande za bulugama 200 kumalire a munda wathu wa kumtunda, ndipo ntchito yolambula udzu kuzungulira mitengoyo moto usanayambe mu August ndi yake.

Kholo lokhudzidwa,
Bembeke, Dedza.